Mafunso ndi mayankho: kamera yolowa m'njira ya malovu kwa ana otupatupa tsaya

Mwana akamangotupa tsaya kabwerezabwereza, kapena akamatupa kunsi kwa nsagwada nthawi iliyonse akayamba kudya, pena madokotala amatchula zoti amulowetse kakamera m'kanjira ka malovu, njira yomwe amati sialendoscopy. Makolo ambiri akamva zimenezi mutu umaima, nde apa tasonkhanitsa mafunso amene amabwera kawirikawiri. Izi ndi zoti muziwe pokacheza ndi adokotala, sizikulowa m'malo mwa kumuonetsa mwanayo.

Kodi sialendoscopy yo ndi chani kwenikweni?

Ndi njira yoonera ndi kukonza mkati mwa tinjira ta malovu popanda kucheka khungu. Dokotala amatenga kachipangizo koonda kwambiri, kamene kali ndi kamera ndi kuwala kunsonga, nkukalowetsa pa kabowo komwe malovu amatulukira mkamwa. Timakamerati timayambira mamilimita 0.8 mpaka 1.6, ndiye kuti kuonda kwake nkofanana ndi kansonga ka bolopeni basi, ndipo mkati mwa kachitsulo kakang'ono chonchoko mulinso kanjira kodutsa madzi, tina tili ndi kanjira kachiwiri kodutsa tizipangizo togwirira mwala. Zonse zimaoneka pa sikirini.

Si zakale kwambiri ayi. Zinayamba chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mayina omwe amatchulidwa kwambiri ndi a Philippe Katz ku France, a Oded Nahlieli ku Israel ndi a Francis Marchal ku Geneva. Poyamba ankafuna kuchotsera miyala anthu akuluakulu, za ana zinabwera pambuyo, makamaka a Nahlieli ndi anzawo atalemba mu 2004 za ana otupatupa tsaya omwe anawathandiza ndi njirayi.

Tiziwalo topanga malovuto tili pati?

Tikulutikulu tilipo mitundu itatu, mtundu uliwonse kumanja ndi kumanzere. Parotid ali patsaya kutsogolo kwa khutu, ndiye wamkulu pa onse, kanjira kake kamatulukira mkati mwa tsaya moyang'anizana ndi mano otafunira am'mwamba. Submandibular ali kunsi kwa nsagwada ndipo kanjira kake kamatulukira pansi pa lilime, pambali pa kachingwe kaja kamagwira lilime. Sublingual ali pansi pa lilime penipeni. Kamera imalowa mwa awiri oyambawo, wachitatuyu tinjira take ndi tambiri komanso tating'ono zedi. Mukaona pa pepala la kuchipatala palembedwa Stensen ndiye kuti akunena kanjira ka patsaya, Wharton ndi ka kunsi kwa nsagwada.

Nanga mwa ana, vuto lomwe amagwiritsira kamera kwambiri ndi liti?

Ndi matenda omwe madokotala amati juvenile recurrent parotitis, ena amangodula kuti JRP. Mwana ali bwinobwino, kenako tsiku lina wadzuka tsaya latupa kutsogolo kwa khutu, likupweteka akamatafuna, pena thupi latenthako, pakapita masiku angapo kapena sabata zaphwa, inu mwaiwala, miyezi iwiri itatu zabwereranso. Nthawi zambiri zimayamba mwana ali pakati pa zaka 3 ndi 6, anyamata amapezeka nazo kwambiriko kuposa atsikana, ndipo kawirikawiri kumatupa mbali imodzi ngakhale sikani ikhoza kuonetsa kuti mbali inayonso siili bwino kwenikweni.

Chomwe chimachitika mkatimo ndi chakuti malovu sakuyenda bwino. Tinjira tina tapanikizika, tina tafufuma, malovu akaima amalimba nkupanga timinyozi toyera tomwe timatseka njira, kutsekako kumabweretsa kutupa, kutupa kumaononga khoma la kanjira, nde zimangozungulira choncho. Pa kamera khoma la kanjira ka mwana wotere limaoneka loyera mbee, timitsempha ta magazi tomwe timaoneka pa kanjira kabwinobwino sitioneka. Sikuti mwana anadya choipa kapena mayi analekerera penapake, ndipo si opatsirana.

Chinthu chimodzi chomwe ndimafuna kholo lililonse lichimve lisanavomere chilichonse: ana ambiri a JRP zimawathera zokha akamafika potha msinkhu. Ndiye kamera si yopulumutsa moyo, ntchito yake ndi kuchepetsa mavuto pa zaka zimene mukudikirazo, kuti mwana asamangojomba kusukulu ndi kumwa ma antibayotiki kosalekeza.

Koma si matsagwidi amenewa?

Ulendo woyamba aliyense amaganiza choncho, ngakhale achipatala. Matsagwidi ndi kachilombo ka vairasi, amapatsirana, nthawi zambiri amatupitsa mbali zonse ziwiri ndipo mwana amaoneka kuti wadwaladi, koma chachikulu nchakuti munthu sadwala matsagwidi kanayi kasanu. Akadwala kamodzi thupi limakhala latetezeka, kubwereza kumachitika mwa apo ndi apo. Ndiye mukamauzidwa kachitatu kuti ndi matsagwidi, funsani mwaulemu kuti adokotala kodi sangakhale ena. Katemera wa MMR amateteza matsagwidi koma JRP alibe katemera.

Mwana wamng'ono angakhale ndi mwala m'njira ya malovu, zoona?

Eya zimatheka, kungoti sizichitikachitika, miyala yambiri imapezeka mwa akuluakulu. Ikapezeka, pafupifupi 8 mwa 10 iliyonse imakhala mu submandibular, chifukwa malovu akumeneko ndi olimbirako, ali ndi kashiamu wambiri, komanso kanjira kake ndi katali ndipo kamachita kukwera m'mwamba kuti kafike pansi pa lilime. Chizindikiro chake nchosavuta kuchigwira mukakhala tcheru, mwana akangoyamba kudya, kapena kungomva fungo la chakudya, kunsi kwa nsagwada kumafufuma ndi kupweteka, pakapita ola limodzi kapena awiri kwaphwa. Malovu apangidwa koma asowa potulukira. Miyalayi ndi yosiyana ndi miyala ya mu impso, ndipo musamusiyitse mwana mkaka poganiza kuti ndi umene wapanga mwala.

Asanafike pa kamera amayamba ayeza chani?

Choyamba amafunsa mbiri, ndipo apa mukhoza kuthandiza kwambiri. Lembani tsiku lililonse lomwe tsaya latupa, mbali iti, kwa masiku angati, thupi linatentha kapena ayi, munamupatsa mankhwala anji. Jambulani pa foni likatupa, chifukwa tsiku la kiliniki mwana amakhala ali bwinobwino tsaya lili see ndipo mumaoneka ngati mukukokomeza.

Kenako amamuyang'ana mkamwa, amafinya tsaya kuona ngati pakutuluka malovu oyera, amtambo kapena mafinya. Sikani yoyamba imakhala ya ultrasound, siipweteka, ilibe cheza choopsa, ndipo pa JRP imaonetsa timadontho takuda tambirimbiri mkati mwa kachiwaloko. Mwala woposa mamilimita awiri kapena atatu umaonekanso. CT kapena MRI amapanga pokhapokha pali chokayikitsa.

Magazi amayezanso kwa ana ena, makamaka ngati kukutupa mbali zonse, zayamba mwana ali wamkulu kale, kapena maso ndi mkamwa mukuuma. Amafuna atsimikize kuti si matenda a Sjögren omwe amaumitsa maso ndi mkamwa, si kuchepa kwa chitetezo m'thupi, si HIV yomwe imatupitsanso masaya mbali zonse mosapweteka. Akakupemphani kuyeza zimenezi musakhumudwe, ndi mndandanda womwe amayenera kudutsamo basi.

Nde ndi liti pomwe amati basi tilowetse kamera?

Kutupa kamodzi kokha ayi. Pa JRP madokotala ambiri amayamba kuganizira kamera mwana akatupa kawiri kapena kupitirira pa miyezi 6 mpaka chaka, ndipo njira zapafupi zalephera. Koma nambala payokha siikwanira, mwana wotupa kawiri pa chaka mopepuka nkumasewera bwinobwino ndi wosiyana ndi wotupa mwezi ndi mwezi mpaka kugonekedwa. Woyambayo ine ndingati dikirani kaye. Pa mwala zimakhala zachindunji, ngati ukutseka njira ndipo sukutuluka wokha, uchoke. Palinso ana ochepa omwe tinjira tawo timapanikizika atalandira mankhwala a radioactive iodine pa khansa ya chithokomiro, amenewonso kamera imawathandiza.

Tsaya latupa panopa, thupi latentha, sangangopangiratu lero?

Ayi, ndipo akakana sikuti akukuzengerezani. Nthawi yomwe mwatupa khoma la kanjira limakhala lofewa losachedwa kubooka, mkati simuoneka bwino, komanso kupopera madzi muli mafinya ndi kukankhira tizilombo mkati. Amayamba aziziritsa ndi mankhwala, kamera imabwera patapita masabata angapo.

Tsiku la opaleshoni zimayenda bwanji?

Mwana amabwera osadya, nthawi zambiri maola 6 opanda chakudya, madzi oyera amaloledwa mpaka pafupi ndi nthawiyo koma tsatirani zomwe a nesi akuuzani osati za pa intaneti. Akagona ku fiyeta amamutsegula kukamwa ndi kothandizira, dokotala amavala magalasi okuza zinthu, nkuyamba kusaka kabowo kaja. Apa mpomwe pali ntchito yeniyeni. Kabowo ka pansi pa lilime nkakang'ono mwakuti pena amachita kufinya kachiwaloko kuti kadontho ka malovu katuluke aone pomwe kachokera. Akakapeza amalowetsa kawaya koonda, kenako kokulirapo pang'ono, kenako kokulirapo, pang'onopang'ono mpaka kamera ikwane. Gawo limeneli lokha litha kutenga nthawi kuposa zina zonse.

Kamera ikalowa, wothandizira amakhala akukankha madzi amchere ndi sirinji mosalekeza, chifukwa kanjira ka malovu kamakhala kophwa, ndi madziwo amene amakatsegula kuti muoneke. Dokotala amatsatira kanjirako kulowa mkati mpaka pomwe kagawikana, akapeza timinyozi amatitsuka tituluke, pomwe papanikizika amakulitsa ndi mphamvu ya madzi, ndi kamera yomweyo kapena kabaluni. Ukakhala mwala amadutsitsa kawaya kotsekeka kuseri kwa mwalawo, kamatseguka kukhala kadengu, kamaukola, nkukoka zonse pamodzi, pena pakhomo pamafunika kucheka pang'ono kuti mwala udutse. Pomaliza ambiri amathiramo mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa steroid, monga hydrocortisone, kuti muphwe. Ena amasiyamo kachubu kakang'ono kwa masabata angapo kuti njira isatsekekenso.

Zonsezi nthawi zambiri sizipitirira ola, ndipo ana ambiri amapita kunyumba tsiku lomwelo. Pa JRP madokotala ena amatsukiratu mbali zonse ziwiri mwana ali mtulo kamodzi, mufunsiretu kuti inu akupangirani ziti.

Ndi zoti amugonetse basi? Sangangobaya dzanzi?

Akuluakulu ambiri amangowapanga dzanzi ali maso. Mwana wa zaka 4 sangakhale duu kukamwa kuli yasa kwa theka la ola, ndipo akagwedezeka kamera ili mkati kanjira kakhoza kung'ambika. Ndiye ang'onoang'ono amawagonetsa. Achikulire pang'ono, azaka za m'ma 8 kupita m'mwamba amene ali odekha, malo ena amayesa ndi dzanzi. Kunena zoona mantha ambiri a makolo amakhala pa kugonetsako osati pa kamera, nde pemphani kuti muyankhule ndi dokotala wogonetsa, mumuuze ngati mwana ali ndi mphumu, chimfine, kapena ngati wina kubanja kwanu anavutikapo ndi mankhwala ogonetsa.

Watuluka ku fiyeta tsaya latupa kuposa kale, alakwitsa?

Sanalakwitse, ndi madzi aja anapopera. Kachiwalo kamakhala kadzadza ndipo kamaphwa pakapita maola angapo mpaka masiku awiri atatu. Chomwe simuyenera kudikira nacho ndi kutupa kwa pansi pa lilime kapena pakhosi komwe kukukulirakulira, mwana kuvutika kupuma kapena kumeza, mawu kusintha, kutentha thupi kwambiri kapena mafinya. Zimenezo bwererani kuchipatala nthawi yomweyo kaya ndi usiku.

Zoopsa zake ndi ziti?

Zazikulu sizichitika kawirikawiri koma zilipo. Kanjira kakhoza kubooka, madzi nkulowa m'minofu, zikatero amasiya pomwepo ndipo nthawi zambiri pamapola pokha. Pakhoza kulowa tizilombo. Pakhomo pa kanjira pakhoza kupola ndi chipsera nkupanikizika. Akagwira ntchito pansi pa lilime, lilime litha kuchita dzanzi mbali imodzi kwa kanthawi chifukwa mtsempha wake umadutsa pafupi kwambiri ndi kanjirako, pena pamatuluka kathumba ka malovu komwe amati ranula. Kadengu kaja kathanso kukanirira mkati ndi mwala womwe, mpaka kuchita kucheka kuti atulutse. Ndipo pali china chomwe anthu sachiwerengera, kulephera kulowa kumene, mwana wagonetsedwa koma kabowo kakanika. Sizichitika kwambiri kwa dokotala wozolowera, nchifukwa chake sikulakwa kufunsa kuti adokotala, ana ngati uyu mumawapanga kawirikawiri?

Ndiye akapanga, zatheratu?

Pa mwala, ukachoka wonse, ana ambiri zimatheradi ndipo kachiwalo kamayambanso kugwira ntchito.

Pa JRP yankho ndi lalitaliko. Akatswiri atasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana anapeza kuti ana pafupifupi 7 mwa 10 sanatupenso pa nthawi yomwe ankawatsatira, ndipo mwa otsalawo ambiri ankatupa mwa patalipatali komanso mopepuka, ena anafunika kubwereza kachiwiri. Nambala yabwino ndithu. Koma muyimvetse bwino, kafukufuku wambiri ndi wa magulu ang'onoang'ono, opanda gulu lina lofananitsa nalo, pa matenda oti amathanso okha mwana akamakula. Ndiye mwana akachira patapita chaka, kamera yathandiza mbali ina, msinkhu wathandizanso mbali ina. Palinso madokotala omwe aona kuti kungotsuka kanjirako ndi kachubu popanda kamera kumathandiza ana ambiri, zomwe zikuonetsa kuti mwina mphamvu yaikulu ili pa kutsukako. Ubwino wa kamera ndi woti dokotala akuona chomwe akuchita, ngati muli kamwala kobisika kapena popanikizika amapapeza. Wina akakulonjezani kuti ndi 100 pa 100 ameneyo akukugulitsani malonda.

Bwanji osangochotsa kachiwaloko tithane nazo?

Chifukwa cha mtsempha wa nkhope. Mtsempha womwe umayendetsa kumwetulira, kutsinzina ndi kukweza nsidze umadutsa mkati mwenimweni mwa parotid, nkugawikana momwemo. Kuchotsa parotid ndi kufukula mtsemphawo kanthambi ndi kanthambi, ndipo m'kachiwalo koti katupapo kambirimbiri minofu imakhala yomatana, ngozi yoti nkhope ipindike mbali imodzi imakwera. Onjezanipo chipsera, tsaya kulowa mkati, ndi vuto lina lodabwitsa loti munthu amatuluka thukuta patsaya akamadya. Kumuika mwana pa zonsezi chifukwa cha matenda oti mwina atha okha ali ndi zaka 13 kapena 14 sizomveka. Kale ankayesanso kumanga kanjirako kuti kachiwalo kafote, kapena kudula kamtsempha ka mkhutu komwe kamalamula malovu, njira zimenezi pano sizikondedwanso. Submandibular ndi wosavutirako kuchotsa koma nayenso ali pafupi ndi mitsempha ya mlomo wam'munsi ndi ya lilime.

Mwala ukakhala waukulu?

Kadengu kamakoka bwino miyala yoyendayenda ya mamilimita atatu kapena anayi. Woposa pamenepo amauphwanya kaye ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser kudzera mu kamera momwemo nkutola zidutswa, kapena amaphatikiza njira ziwiri, kamera imaunikira pomwe mwala uli, dokotala nkucheka pang'ono mkamwa pamwamba pake. Malo ena ali ndi makina ophwanya mwala kuchokera kunja. Kuchotsa kachiwalo konse ndi komaliza zonse zikakanika.

Kunyumba tingamathandize bwanji, kaya asanapange kaya atapanga?

Madzi akumwa ambiri, kutsuka mano bwino, ndi zinthu zotulutsa malovu monga kadontho ka mandimu kapena chingamu chopanda shuga kwa mwana woti sangameze. Zowawasazo musachite kunyanya, zimadya mano, amwe madzi pambuyo pake. Kansalu kofunda patsaya, kenako kusisita. Kusisita kwake nkotere, ikani zala ziwiri kapena zitatu kutsogolo kwa khutu pomwe patupapo, kankhani mofatsa kulowera kukamwa, kwezani zala, bwererani kukhutu, osati kupukusa uku ndi uku. Wa kunsi kwa nsagwada mumayambira kumbuyo pakona ya nsagwada kubwera kuchibwano. Mwana akati mkamwa mwabwera zamchere kapena zowawa ndiye kuti zotsekazo zikutuluka. Pa ululu paracetamol kapena ibuprofen molingana ndi kulemera kwake, aspirin ayi kwa ana. Ma antibayotiki si a kutupa kulikonse, amafunika pakakhala mafinya, kufiira kapena kutentha thupi kwambiri, ndipo otsala ulendo wathawu musamupatse. Atapanga kamera adye zofewa tsiku loyamba ndi lachiwiri, kusukulu ambiri amabwerera m'masiku ochepa.

Kodi chotupa chilichonse cha patsaya kamera ingathandize?

Ayi, kamera imaona mkati mwa tinjira mokha. Chotupa cholimba chosapweteka chomwe sichikuphwa koma kumangokula, kapena chobwera ndi kupindika nkhope, chimenecho chimafuna sikani ndi kutengako kanyama kukayeza, chifukwa ana nawonso amakhala ndi zotupa za m'tiziwalo ta malovu ndipo zina mwa izo ndi khansa. Kwa makanda chotupa cha parotid chimakonda kukhala cha timitsempha ta magazi, hemangioma, chomwe chili ndi mankhwala akeake. Anabere otupa, chithupsa cha dzino ndi TB ya m'khosi zimanamizanso ngati vuto la malovu. Ranula, komanso vuto la kuchucha dovu kwa ana olumala ubongo, zimenezo zili ndi njira zina, si za kamera.

Nanga bwanji sizipezeka chipatala chilichonse?

Timakamerati ndi todula ndipo sitichedwa kuthyoka, kungokapinda pang'ono potsuka ndiye kuti katha. Dokotalanso amafunika maphunziro apadera ndi kuzolowera, makamaka pa tinjira ta ana. Amene amapanga ndi madokotala a khutu, mphuno ndi mmero kapena a opaleshoni ya nsagwada ndi nkhope, nthawi zambiri m'zipatala zikuluzikulu zophunzitsira. Ngati komwe muli kulibe, pemphani kalata yokutumizani kwa dokotala wa mbali imeneyi, munyamule zithunzi zija, masiku omwe munalemba ndi zotsatira za ultrasound, ndipo mumufunse ngati kutsuka kanjira popanda kamera kungatheke kwa mwana wanuyo podikira.